Mestrado yopanda propina: njira yomwe inandithandiza kuno ku Angónia

Vuto linali ndalama. Licenciatura (digiri yoyamba) ndili nayo, koma propina (fizi) ya mestrado (digiri yachiwiri, ya masters) inkaposa malipiro anga, ndipo ma bolsa (thandizo la ndalama zophunzirira) a ku UK amafuna Chingerezi chakupsa.

Ndinatembenukira ku Brazil. M'mayunivesite a boma la federal kumeneko, mestrado académico salipiritsa, ngakhale kwa mlendo, ndipo amaphunzitsa m'Chipwitikizi chomwe tinaphunzira kusukulu. Chenjerani ndi especialização kapena MBA: zimenezo nthawi zambiri n'zolipira, komanso si mestrado.

Choyamba lembetsani Currículo Lattes (CV ya maphunziro yomwe amagwiritsa ntchito ku Brazil) pa intaneti, n'kwaulere. Kenako werengani edital (chikalata cha malamulo olembetsera) yonse ya pulogalamu yomwe mukufuna, mpaka tsiku lotsekera. Ambiri amagwa pa pré-projeto (ndondomeko ya kafukufuku yemwe mukufuna kuchita): amalemba mutu wotakata ngati "ulimi ku Moçambique". Chepetsani, mwachitsanzo matenda a mbatatesi ku Tsangano, ndipo sankhani mphunzitsi amene akufufuza kale zofanana nazo. Mulembereni mwachidule musanatumize mapepala.

Kudya ndi lendi n'zanu. Bolsa ya CAPES (bungwe la boma la Brazil lothandiza maphunziro apamwamba) inakwera kufika R$2.100 (ndalama za ku Brazil) pamwezi mu 2023, koma sapatsa aliyense wolandiridwa, yang'ananinso PEC-PG, pulogalamu ya boma la Brazil yopereka ma bolsa kwa ophunzira ochokera kumayiko omwe akutukuka kumene. Mapepala a kuyunivesite komwe munaphunzira apempheni msanga, chifukwa zidindo zimachedwa kuposa china chilichonse.