Nkhuku zisakufereni ndi chisanu cha ku Joni

Abale amene mukuweta tinkhuku kuseri kwa nyumba kuno ku Johannesburg, Juni ndi Julayi sizocheza, usiku kumazizira mpaka kufika 0 digiri. Khola litchingeni ndi masaka kapena makatoni mbali yomwe kukuchokera mphepo, koma pamwamba siyani kampata mpweya uzituluka, chinyontho ndiye chimadwalitsa nkhuku kuposa kuzizira kwenikweniko. Pansi thirani utuchi wouma wambiri, ukanyowa chotsani.

Mmawa madzi amapezeka ataundana, asintheni ndi ofundirako. Madzulo onjezerani chimanga chokonola zigone zokhuta.

Anapiye ndiye osachedwa kufa, aikeni mukatoni mulowe nawo mnyumba. Mbaula mkhola ayi ndithu, utsi wa makala umapha komanso utuchi uja sukhalira kuyaka.