Mkangano wa munda ukalowa tsankho: momwe tingauyendetsere kuno ku Tete

Milandu yambiri ya minda ku Angónia, Tsangano ndi Macanga imayambira pa mizere iwiri kapena itatu imene wina walowerera nayo m'malire. Mitima ikatentha m'pomwe mumamva kuti "iwe ndiwe wobwera", "kwanu n'ku Malawi", "Msena alibe munda kuno", kapena "mkaladi angatiuze chiyani". Pamenepo milandu yakhala iwiri, wa munda ndi wa chipongwe, ndipo uliwonse uweruzidwe pawokha. Mukaisakaniza, wotukwanidwa amakana chigamulo ngakhale chikhale cholungama.

Choyamba dziwani chimene lamulo likunena. Ndime 35 ya malamulo aakulu a dziko la Mozambique imati nzika zonse n'zofanana, posayang'ana khungu, mtundu kapena kumene munthu anabadwira. Lamulo la malo la 1997, Lei 19/97, limati nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, wotchedwa DUAT. Ufuluwu umabwera m'njira zitatu: kukhala pamalopo mwa mwambo wa makolo, kulimapo mwachilungamo kwa zaka zosachepera 10 ngati uli nzika, kapena kupempha ku boma. Palibe njira yachinayi yofunsa kuti agogo ako ankayankhula chinenero chanji.

Zaka 10 zimenezi ndiye pagona nkhani. Nkhondo itatha mu 1992, mabanja ambiri obwerera kuchokera ku Dedza ndi Ntcheu anapeza ena akulima minda yawo. Funso loyenera n'lakuti: amene akulimayo analowamo bwanji? Ngati anachita kubwereka pamaso pa mboni, akudziwa kuti mwini wake alipo, n'kovuta kuti anene kuti mundawo ndi wake. Ngati anaupatsidwa ndi mfumu uli tchire, nadzalamo mango amene lero ndi mitengo ikuluikulu, mlandu wake ndi wolimba, kaya ndi Mngoni, Mchewa kapena Mnyungwe.

Musazule mbewu za mnzanu, musagwetse nkhadze kapena khonje wa m'malire. Wochita zimenezi amadzipalira mlandu wina, komanso amafafaniza umboni womwe ukanamuthandiza.

Kusowa pepala kusakuopseni. Lamulo lomweli limalola umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe. Pezani olima moyandikana nanu mbali zonse, ndipo osachepera mmodzi asakhale wachibale wanu kapena wa mtundu wanu. Mboni zikakhala za banja limodzi zokhazokha, a mbali inayo amati mwapangana, tsankho lija n'kukula. Amayi achikulire musawasiye kunyumba: ndiwo amakumbukira amene ankapalira pati, ndiponso DUAT imasiyiranidwa kwa ana mosasankha mwamuna kapena mkazi.

Kadandauleni kwa nyakwawa kapena kwa régulo, ndipo pemphani kuti bwalo likachitikire kumunda komweko. Yendani malire onse ndi mapazi, mboni iliyonse iloze chulu, mwala kapena mtengo umene ikuudziwa. Wina akayamba za mtundu, woweruza amudule pomwepo n'kumuuza kuti nkhaniyo ikambidwa payokha malire akatha.

Zikakanika, pitani ku tribunal comunitário. Makhoti a m'midziwa anakhazikitsidwa ndi Lei 4/92 ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kuyanjanitsa; satsekera munthu m'ndende. Wosakhutira ali ndi ufulu wopita ku khoti la boma la distrito, ndipo wopanda ndalama ya loya akafunse thandizo laulere ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza anthu osauka pa milandu. Za kuyeza malo ndi kulembetsa DUAT kafunseni ku maofesi a boma a distrito, monga ku Ulónguè kwa a ku Angónia kapena ku Furancungo kwa a ku Macanga.

Chimene chimaiwalika kawirikawiri ndi chipepeso. Amene anatukwana mtundu wa mnzake apepese pamaso pa anthu omwe anamva chipongwecho, ngakhale mundawo atapambana ndi iyeyo. Kupepesa kwa kuseri sikuchotsa manyazi amene munthu anawalandira pagulu, ndipo ana ake amasunga mawuwo. Atchule chimene ananena, avomere kuti chinali cholakwa, osati kungoti "ngati ndinakulakwirani". Wolakwiridwayo asakakamizidwe kugwirana chanza tsiku lomwelo, mpatseni nthawi.

Zonse mwagwirizana zilembedwe mu acta: tsiku, mayina a mboni, zizindikiro za malire, ndi tsiku limene wotuluka m'munda adzachoke, makamaka akakolola. Mbali zonse zisayine kapena kudinda chala, aliyense atenge pepala lake, lina likhale kwa mfumu. Mvula yoyamba ikagwa, mabanja awiriwo adzale limodzi khonje m'malire atsopanowo, mboni zija zikuona.