Mmene ndinathera kugona mu MRI ngakhale ndimaopa malo opanikizika

Ulendo woyamba sindinathe n'komwe mphindi zitatu. MRI ndi makina ojambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito amphamvu, ndipo umagona m'mphako mwake. Bedi litangondilowetsa m'makina muja ndinatsegula maso, n'kuona denga lili pafupi ndi mphuno. Mtima unagunda, thukuta kamukamu, ndipo ndinafinya kampira kamene amakupatsa m'manja kuti uitanire thandizo. Ananditulutsa msana asanaujambule.

Patatha masabata awiri ndinabwereranso n'kugona mphindi 30 zonse. Nazi zimene ndinaphunzira.

Nenanitu polembetsa kuti mumaopa, musachite manyazi. Funsaninso kukula kwa mphako ya makina awo. Ambiri akale ndi a masentimita 60, ena atsopano 70. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma ukagona chagada m'menemo umakumva.

Palinso makina otseguka m'mbali, ngati amene anafika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008 kudzathandiza kafukufuku wa malungo a mu ubongo. Umagona pakati pa maginito awiri, m'mwamba ndi pansi, m'mbalimu ukuona chipinda. Koma ambiri otere mphamvu ndi yochepa. A ku Blantyre aja anali a 0.35 tesla (muyeso wa mphamvu ya maginito), pomwe otsekeka amakhala a 1.5 kapena 3. Motero amachedwa, ndipo tinthu ting'onoting'ono sationetsa bwino. Adokotala ndiwo anganene ngati akukwanira pa vuto lanu. CT, njira ina yojambulira m'kati mwa thupi ndi ma X-ray, imatha msanga, koma siionetsa mitsempha ya m'msana ngati MRI.

Chimene chinandithandiza kwambiri ine ndi kansalu. Ndinatsinzina bedi lisanayambe kuyenda, n'kupempha kuti andiphimbe nako m'maso. Chonde musasuzumire, ngakhale kamodzi. Ndinavala zotseka m'makutu chifukwa phokoso lake lili ngati wina akukhoma malata pamutu pako. Ndinapemphanso wojambulayo kuti azindiuza kutalika kwa chigawo chilichonse. Akati "ichi n'cha mphindi zinayi, mayi," ndinkapuma pang'onopang'ono n'kumawerenga mpweya wanga mpaka phokoso litaleka.

Ngati akujambula bondo kapena m'munsi mwa msana, funsani ngati mungalowetse miyendo kaye, mutu utsalire chakukhomo.

Zikakanika, adokotala angakulembereni mankhwala okhazika mtima pansi monga diazepam. Tsiku limenelo musayendetse galimoto, pitani ndi wokuperekezani. Ine ndinapita ndi mchemwali wanga, ndipo atavula ndolo ndi kusiya foni panja anamulola kulowa n'kundigwira phazi mpaka kumapeto.