Kachitidwe ka sewero la pamsewu kuti anthu asakuthaweni

Ndachita masewero a pamsewu kwa zaka zingapo, ndipo ongoyamba kumene ndimawauza chinthu chimodzi: munthu wodutsa alibe nanu ngongole. Sanagule tikiti, ali ndi kopita, ndipo mukangomutopetsa amatembenuka n'kumapita osatsanzika.

Yambani ndi malo. Pitaniko tsiku lina chimanjamanja, mukhalepo ola lathunthu mukungoyang'ana. Pamene anthu akuthamangira basi musavutike napo. Funani pamene amaima n'kumadikirira. Kumbuyo kwanu kukhale khoma, chifukwa limabweza mawu kwa owonera, komanso palibe angakudutseni kumsana kapena kunyamula chikwama chanu muli mkati mwa sewero. Dzuwa liziwomba nkhope zanu, osati maso a owonera. Inu mupirira, iwo sangapirire.

Za chilolezo musazichite mwachidule. Kafunseni ku khonsolo ya mzinda, poti mzinda uliwonse uli ndi malamulo ake. Ku Covent Garden, malo otchuka ndi masewero a pamsewu ku London, munthu amayamba wayesedwa kaye asanapatsidwe nthawi yake yosewera. Ife tsiku lina tinanyozera za chilolezozi, ndipo akuluakulu a mzinda anadzatiimitsa mnzathu ali chigonere pansi, kusewera munthu wakufa. Malemuwo anadzuka okha n'kuyamba kunyamula mipando. Anthu anaseka kuposa nthabwala zonse zimene tinakonzekera sabata yathunthu.

Tsopano kusonkhanitsa anthu, pamene ambiri amagwera. Jambulani mzere ndi choko kapena yalani chingwe pansi kuti aliyense adziwe pothera bwalo. Kenako ng'oma kapena gitala ilire, koma nkhani musaiyambe. Oyamba kufika amakhala ana. Akhazikeni pansi kutsogolo, muziseka nawo, muwaphunzitse kuwomba m'manja motsatira nyimbo. Akuluakulu amaima patali, manja m'thumba, ngati sakufuna. Apempheni asendere mpaka pachingwe. Mzere woyamba ukadzaza, ntchito yatha, chifukwa odutsa sabwerera inu ayi, amabwerera misana ya anzawo, kufuna kudziwa chimene akuonacho. Mukayamba nkhani pali anthu atatu okha, mudzaimaliza pali awiri.

Sewero lenilenilo lisapitirire mphindi 20, ndipo osewera anayi akwana. Aliyense adziwike ndi chinthu chimodzi chooneka patali: chipewa, ndodo, jekete lalikulu mopitirira. Pachimake pa nkhani muzipabwereza, mwina kudzera m'kanyimbo kobwerabwera, kuti wofika mochedwa asasokere. Mawu azichokera m'mimba, osati pakhosi, apo ayi tsiku lachiwiri mudzakhala mutasasa. Lole ikamadutsa musalimbane nayo. Imani momwemo, nkhope osasintha, idutse, mupitirize.

Woledzera wolowerera sasowa. Muyankheni kamodzi mwanthabwala, osamunyoza, chifukwa khamu limatembenukira amene wachititsa mnzake manyazi. Owonera abwinobwino ndiye aloleni alowe dala. Augusto Boal, katswiri wa zisudzo wa ku Brazil, ankaimitsa sewero pamene zinthu zavuta n'kuitana woonera kuti atenge malo a wosewera, ayese njira yakeyake yothetsera vutolo. Pamsewu zimenezi zimagwira kwambiri. Mayi wina amene anangoima ndi katundu wake m'manja analowa m'bwalo mwathu n'kumulalatira wosewera wathu mpaka mnzathuyo anaiwala mawu ake onse.

Ndalama muzitchule sewero lisanathe. Pamene nkhani yafika pokoma, mmodzi aime n'kunena poyera kuti iyi ndi ntchito yanu ndipo chipewa chidutsa, kenako mumalize. Mukadikira kuti ayambe awomba m'manja, bwalo limabalalika chipewa chisanafike kwa munthu wachisanu. Wonyamula chipewayo akhale amene anthu amuseka kwambiri tsikulo, ndipo ayambire kumbuyo kwa khamu, kumene kuli othawa msanga.