Mnzanu akagwira pachifuwa n'kuona chidima

Anyamata akabaza a pa Kamuzu Road, asodzi a ku Senga Bay, nanunso atsikana otunga madzi, dzuwa la Okutobala kuno ku Salima silicheza. Munthu ukakhetsa thukuta tsiku lonse osamwa madzi, m'mimba muli pululu, magazi safika mokwanira kumutu. Kungodzuka mofulumira, m'maso mumada bii, chizungulire, mtima thithithi.

Zikamuchitikira mnzanu, mugonekeni chagada pamthunzi, miyendo muyikweze pachidebe. Akatsitsimuka mpatseni madzi kapena Thanzi ORS pang'onopang'ono. Wokomoka musamuthire madzi m'kamwa, angatsamwe.

Zikamabwerezabwereza, akayezetse magazi. Malungo ndi likodzo, lomwe kunyanja kuno n'losasowa, zimachepetsa magazi m'thupi. Kwa atsikana ndi msambo wochuluka. Kokani chikope cham'munsi muone ngati mkati mwayera mbuu, chizindikiro choti magazi achepa. Nkhawa nayonso imathinitsa chifuwa.

Koma ngati wagwa ali mkati mosewera mpira, mtima ukudumphadumpha, akubanika, kapena kumtundu kwawo wina anamwalira mwadzidzidzi akadali wachinyamata, pamenepo za Panado ayi, ndi kuchipatala tsiku lomwelo. Zilonda zapakhosi zosachizidwa paubwana zimatha kuwononga mavavu a mtima (tizitseko ta mumtima toletsa magazi kubwerera m'mbuyo), vuto n'kudzaonekera patapita zaka.