Mmene mungayendere Nkhotakota kuchokera ku Lilongwe osangopitira nsomba basi

Lawirani pa depoti ku Area 2, kwerani ya ku Salima, mutsike pa Kamuzu Road n'kusintha yolowera M5, ulendo wonse ndi pafupifupi makilomita 200 koma minibasi zimaima paliponse ndiye musamapangane ndi munthu za ola lofikira. Nsomba za pa Chia muzione chabe popita, mudzagule pobwerera, apo ayi basi yonse ikudziwani.

Mukafika musathamangire kunyanja. Tengani kabaza, muuzeni akusiyeni ku mishoni ya Anglican komwe kuli chipatala cha St Anne's, pamenepo pali mkuyu omwe David Livingstone anakumana ndi Jumbe, mfumu ya Chiswahili ya kumeneko, mu 1863 kumuuza kuti asiye malonda a akapolo. Sanasiye. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anakhazikika kumeneko m'ma 1840 ndipo ndi iyeyo anasandutsa malowa kukhala doko, akapolo ndi minyanga ya njovu amaziwolotsa nyanja pa zombo za matanga kenako ulendo wapansi mpaka ku Kilwa kugombe la Tanzania, ufumu wa ma Jumbe unadzatha mu 1894 a Britain atathamangitsira womaliza ku Zanzibar. Lowaninso mu tchalitchi cha All Saints, ndi komwe kunaikidwa bishopu Chauncy Maples yemwe anamira panyanja mu 1895. Okonda ndale afunse komwe MCP inachitira msonkhano wa 1960 omwe Kamuzu anapatsidwa upulezidenti wa chipani wamuyaya.

Kenako tsetserekani kugombe wapansi, ndipo apa ndiye pofunika ulemu. Asilamu ndi ambiri, Lachisanu masana ambiri amakhala ku mzikiti, kabudula wamfupi uja musiyeni mchikwama, azimayi chitenje chisasowe. Perekani moni kaye, "mwaswera bwanji bambo", musanatulutse foni kujambula munthu akusoka ukonde wake. Akuluakulu amatha kukufotokozerani bwino za ma Jumbe mukafunsa modekha, koma nkhani ya akapolo siyochitira nthabwala, ena mukucheza nawowo ndi zidzukulu za mbali iyi kapena iyo.

Nkhomaliro itanitsani mpunga wakonko ndi chambo, chips mudzadya ku Lilongwe. Ngati mwagona, m'mawa pitani ku Nkhotakota Wildlife Reserve komwe bungwe la African Parks linasamutsirako njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017, koma kumeneko pezani galimoto, kabaza sangakulowetseni.