Musanasainire ofa yogulira nyumba ku South Africa

Ambirife tinazolowera kuti kutchula mtengo ndi chiyambi chabe cha kunenerera, mawa ukhoza kusintha maganizo. Ku South Africa zimenezi siziyenda. Ejenti akakupatsani chikalata cha Offer to Purchase (ofa, yolembapo mtengo umene mukufuna kugulira nyumbayo), inu n'kusaina, mwininyumba n'kusainanso, basi mwagula. Palibenso mgwirizano wina umene ukubwera pambuyo. Lamulo la Alienation of Land Act la 1981 limati malonda a malo akhale olembedwa ndi osainidwa ndi onse awiri, ndiye zimene mwagwirizana pakamwa muli pakhonde sizithandiza kanthu. Abale a ku England asakusokonezeni: kumeneko ofa siimanga munthu mpaka maloya atasinthana makontrakiti.

Choyamba, lembani tsiku ndi ola limene ofa yanu ithere. Masiku awiri kapena atatu ndi okwanira. Mukapanda kutero, mwininyumba aziyenda nayo m'thumba kuopsezera ogula ena kuti akweze mtengo.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ine ndimalimbikira kwambiri: ngati ndalama mukatenga ku banki, ofa inene kuti malonda achitika pokhapokha banki itavomera bondi (ngongole yogulira nyumba) ya ndalama zakutizakuti pofika tsiku lakutilakuti. Banki ikakana, mgwirizano umafa wokha ndipo dipoziti yanu imabwerera. Popanda mawu amenewa, kukana kwa banki ndi vuto lanu, ndipo mwininyumba akhoza kukusumirani. Ife obwera tizipempha masiku ochulukirapo, chifukwa banki imayamba yafufuza pemiti ndi mapepala a ntchito. Yang'ananinso ndime ya maola 72. Imapatsa mwininyumba ufulu wopitiriza kutsatsa, ndipo akapeza wogula wina wa ndalama m'manja, inu mumapatsidwa maola 72 kuti mukonze zanu kapena muchoke.

Musadalire zoti pali masiku oganizanso. Alipodi asanu, koma ndi a nyumba zosapitirira R250,000, ndipo ku Johannesburg nyumba ya mtengo umenewo muisaka mpaka nsapato kutha. Ikapezeka, funsani ngati si ya RDP (nyumba zimene boma limamangira anthu osauka), chifukwa zimenezo lamulo limaletsa kugulitsa zaka 8 zisanathe.

M'chikalatamo mupeza mawu akuti voetstoots, kutanthauza kuti mukuitenga momwe ilili. Ndiye musanasaine tsegulani mipopi yonse, muone ngati giza ikutenthetsa madzi, muyang'ane pa siling'i. Khoma limodzi lokha likakhala ndi penti watsopano m'munsi, ligwireni ndi chikhatho: chinyezi chimazizira. Kuyambira pa 1 February 2022, lamulo la Property Practitioners Act limakakamiza ejenti kukupatsani fomu imene mwininyumba walembapo zolakwika zimene akuzidziwa. Iwerengeni ndipo ilumikizidwe ku ofa. Sitovu, makatani, pampu ya madzi, chilichonse chimene mukufuna chitsale, chilembeni dzina. Anthu amazula ndi mababu omwe.

Dipoziti isapite ku akaunti ya mwininyumba ngakhale atalira bwanji. Imasungidwa mu akaunti yapadera ya loya woyendetsa zosintha umwini, kapena ya ejenti amene ali ndi Fidelity Fund Certificate, chiphaso chomuloleza kugwira ntchitoyi. Nambala ya akauntiyo ikabwera pa imelo, imbani foni ku ofesi ya loyayo muitsimikize, poti akuba amasintha manambala m'maimelo.

Loyayo nthawi zambiri amasankhidwa ndi wogulitsa, koma womulipira ndinu, pamodzi ndi msonkho wa ku SARS, bungwe lotolera misonkho, ngati mtengo wa nyumba wafika polipira msonkho. Nyumba imakhala yanu dzina likalembedwa ku Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa umwini wa malo, ndipo zimenezi zimatenga miyezi iwiri kapena itatu. Mukafuna kulowa tsikulo lisanafike muzilipira lendi, ndiye ndalama yake ilembedwe mu ofa momwemo.